Madzi a pa mpopi satsuka timagalasi ta m'maso, ndipo wogulitsa ndiye ayenera kunena zimenezi

Tonsefe tinakula tikuuzidwa kuti chinthu chikada chimafuna madzi. Mwana akatola chipatso pansi amauzidwa kuti akachitsuke, kapu ikagwera pa dothi timaitsukuluza, ndipo kachitsotso kakalowa m'diso mankhwala ake oyamba ndi kusukusula. Chiphunzitso chimenechi n'choona pa zinthu pafupifupi zonse za pakhomo, ndipo chapulumutsa anthu ambiri ku kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba. Koma pali chinthu chimodzi chimene madzi amachidetsa m'malo mochiyeretsa, ndicho timagalasi tofewa tomata pa diso, timene ambiri amangotitchula kuti makontakiti. Munthu waukhondo weniweni, amene sagona asanasambe ndipo sadya asanasambe m'manja, ndi yemweyo amene angatenge kagalasi kake n'kukakatsukuluza pa mpopi mtima uli m'malo, poganiza kuti akuchita bwino, pamene akuitanira m'diso mwake kachilombo kamene kangamuchititse khungu. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi chizolowezi chonena kuti aliyense wodwala maso chifukwa cha makontakiti ndi wauve kapena wosamva. Mlandu waukulu ndimauona kwa amene amapanga timagalasiti, amene amatigulitsa, ndi amene ayenera kuyang'anira malonda ake.

Kagalasi kameneka kamakhala pa koniya, kansalu koonekera ngati galasi kamene kamaphimba mwanadiso ndi mbali yonse yakuda ya diso. Koniya alibe mitsempha ya magazi, chifukwa akanakhala nayo kuwala sikukanadutsa bwino, choncho mpweya wa okosijeni amaulandira kuchokera kunja kudzera m'misozi. Misozi yomweyo ndiyo imamuteteza, popeza ili ndi mphamvu yopha tizilombo tina, ndipo nthawi iliyonse tikaphethira chikope chimasesa fumbi ndi majeremusi amene agwerapo. Kagalasi kakamatidwa pamenepo, misozi ya pansi pake siyendanso ngati kale, mpweya umachepa, ndipo pamatha kuchitika timabala tosaoneka ndi maso timene tizilombo timalowerapo. Timagalasi tofewa tinayambira kwa katswiri wa sayansi wa ku Prague, Otto Wichterle, amene mu 1961 anaumba toyamba kunyumba kwake pa makina amene anawalumikiza ndi zoseweretsa za ana. Luso lake linali kupeza pulasitiki womwa madzi, ndipo lero timagalasi tina timakhala ndi madzi oposa theka la kulemera kwake. Kufewa kwake kumachokera pamenepo, koma ngozi yake imachokeranso pomwepo, chifukwa chinthu chomwa madzi chimasunganso pa diso chilichonse chimene chinabwera ndi madziwo.

Kachilombo koopsa kwambiri pa nkhani ya madzi ndi amiba wotchedwa Acanthamoeba. Amapezeka m'dothi, m'mitsinje, m'nyanja, m'zitsime, m'mapaipi ndi m'matanki a madzi, ndipo munthu wathanzi akamumeza m'madzi akumwa nthawi zambiri palibe chimene chimachitika. Zinthu zikamuvuta, amibayu amadzikuta m'chikamba cholimba n'kugona, ndipo ali m'chikambamo safa ndi kolorini wa mlingo umene amathira m'madzi a m'mipopi, safanso ndi kuuma. Akakakamira pa kagalasi n'kupeza kabala pa koniya, amayamba kudya kansaluko pang'onopang'ono. Odwala ambiri amamva ululu woposa zimene dokotala akuona m'disomo, ndipo poyamba matendawa amasokonezedwa ndi ena, moti pamatha milungu munthu akulandira mankhwala olakwika. Akadziwika, chithandizo chake n'chowawa: mankhwala odontheza m'diso ola lililonse, usana ndi usiku, kwa masiku oyambirira, kenako n'kupitiriza kwa miyezi yambiri, ena mpaka chaka kapena kuposa. Matendawa analembedwa koyamba ku Britain mu 1974, koma mankhwala oyamba ovomerezedwa mwalamulo ku Ulaya kuti ndi a matenda amenewa anatuluka mu 2024, patapita zaka 50. Zaka zonsezo madokotala ankadalira mankhwala opha tizilombo amene anapangidwira ntchito zina.

Amene amaganiza kuti matendawa ndi a anthu osauka kapena a malo opanda madzi abwino aone zimene zinachitika ku London. Chipatala cha maso cha Moorfields chinkalandira odwala matendawa 8 mpaka 10 pa chaka pakati pa 2000 ndi 2003, koma pakati pa 2011 ndi 2016 chiwerengerocho chinafika pa 36 mpaka 65 pa chaka, malinga ndi kafukufuku amene Pulofesa John Dart ndi anzake anafalitsa mu 2018. Pafupifupi mmodzi mwa odwala 4 alionse amafunika kumuika koniya wa munthu wina. Chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amatchula n'chakuti nyumba zambiri zakale za ku Britain zili ndi thanki ya madzi ozizira kudenga, mmene madzi amakhala osayenda mpaka mphamvu ya kolorini itatha, kenako n'kutsikira ku bafa ali oyera mbee pooneka. Mwini nyumbayo salakwa kanthu posamba madzi amenewo. Kulakwa kumabwera pokhapokha akalowa m'shawa atavala makontakiti, kapena akawagwira ndi manja onyowa, ndipo funso langa ndi lakuti ndani anamuuza kuti kumeneko n'kulakwa.

Funso lomweli analifunsa mayi wina wa ku London, Irenie Ekkeshis, amene anadwala matendawa mu 2011 ndipo diso lake limodzi linasiya kuona ngakhale anachitidwa maopaleshoni. Iye anali atavala makontakiti kwa zaka zambiri osamvapo kuti madzi a pa mpopi ndi oopsa. Ali m'kati modwala anayambitsa ntchito yopempha kuti pa mabokosi a timagalasiti pazimatidwa kachizindikiro kosonyeza kuti madzi n'ngoletsedwa, ndipo bungwe la British Contact Lens Association linavomera n'kuyamba kugawa timapepala tomata timeneti. Ena amaiona nkhani imeneyi ngati yolimbikitsa, koma ine imandikwiyitsa. Makampani anali atagulitsa timagalasi tofewa kwa zaka 40, ubale wa amibayu ndi madzi unali utadziwika kuyambira m'ma 1980, pamene anthu a ku America ankadwala chifukwa chodzipangira okha madzi a mchere osungiramo timagalasi, komabe zinatengera wodwala wovulala kale kuti chenjezo looneka msanga lifike pa bokosi. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma munthu amafunsa akadziwa kuti pali chofunsa. Palibe amene angafunse ngati madzi amene amamwa ndi kuphikira angamuchititse khungu.

Pali umboni winanso wosonyeza kuti ukhondo wa wovala si nkhani yonse. Kumapeto kwa 2005 ndi kuchiyambi kwa 2006, madokotala a ku Hong Kong ndi ku Singapore anayamba kuona anthu ambiri ovala makontakiti akudwala zilonda za m'diso zoyambitsidwa ndi nkhungu yotchedwa Fusarium, matenda amene kawirikawiri amagwira alimi obayidwa m'diso ndi udzu kapena tsamba la chimanga. Ku America bungwe la boma lolimbana ndi matenda la CDC linatsimikizira odwala 164, ndipo 55 mwa iwo anafunika kuikidwa koniya wina. Ambiri ankagwiritsa ntchito mankhwala amodzi otsukira timagalasi, a ReNu with MoistureLoc a kampani ya Bausch & Lomb, amene anachotsedwa pa msika pa dziko lonse mu Meyi 2006. Chochititsa chidwi n'chakuti nkhunguyo sinapezeke m'mabotolo osatsegula. Mankhwalawo ankapha tizilombo bwinobwino poyesedwa mu labotale, koma akaumira m'kabokosi kosungiramo timagalasi, kapena munthu akangowonjezera atsopano pa otsala adzulo, ankasiya kautoto kamene nkhungu inkamerapo. Chaka chotsatira, mu Meyi 2007, mankhwala ena otchedwa Complete MoisturePlus a kampani ya Advanced Medical Optics anachotsedwanso atapezeka kuti akukhudzana ndi kuchuluka kwa odwala Acanthamoeba, ndipo pa nthawiyo malamulo sankakakamiza n'komwe makampani kuyesa mankhwala awo pa amiba ameneyu.

Wina anganene kuti pa nkhani ya Fusarium ovalawo analakwabe, chifukwa malangizo ankanena kuti mankhwala akale azitayidwa. N'zoona, ndipo sindikufuna kubisa kuti ovala makontakiti amaswa malamulo. Mu 2015 CDC inafalitsa zotsatira za kafukufuku wosonyeza kuti pafupifupi 99 mwa ovala 100 alionse anavomera kuti anachitapo chinthu chimodzi choika maso pa ngozi. Pafupifupi 85 pa 100 analowapo m'shawa atavala timagalasi, oposa theka ankawonjezera mankhwala atsopano pa akale, ndipo mmodzi mwa atatu alionse anatsukapo timagalasi ndi madzi a pa mpopi. Koma chiwerengero chimenechi chimandithandiza ine kuposa amene amanditsutsa. Mlatho umene anthu awiri okha agwapo tinganene kuti awiriwo anali ataledzera, koma mlatho umene pafupifupi aliyense amatererapo vuto lake ndi la womanga. Chinthu chimene chimakhala chotetezeka pokhapokha munthu atachita zonse molondola tsiku lililonse, atatopa, ali pa ulendo, ali pa maliro, magetsi atazima, ndiye kuti chinapangidwira munthu amene kulibe. Wopanga ayenera kuganizira munthu weniweni, ndipo wogulitsa ayenera kumuphunzitsa munthu weniweniyo pamaso, osati kumusiyira kapepala ka timalemba ting'onoting'ono kamene angakawerenge ndi maso omwewo amene akuvutika kuona.

Pa nkhani yogona ndi makontakiti ndiye ndilibe chowiringula chilichonse choikira kumbuyo wovala amene anauzidwa. Kafukufuku wa ku America wa mu 1989 anapeza kuti pa anthu 10,000 ovala timagalasi tofewa masana okha, pafupifupi 4 ankadwala zilonda za koniya pa chaka, pamene pa ogona nato chiwerengerocho chinali pafupifupi 21. Komabe pamenepanso makampani ali ndi gawo lawo. Chakumapeto kwa ma 1990 kunabwera timagalasi tatsopano tolowetsa mpweya wambiri, ndipo tinalengezedwa kuti munthu angagone nato mpaka masiku 30. Chiyembekezo chinali chakuti matenda achepa, koma kafukufuku wamkulu wa ku Australia wotsogoleredwa ndi Fiona Stapleton, wofalitsidwa mu 2008, anasonyeza kuti ngozi ya ogona nato sinatsike. Kachilombo kamene kamakonda ogona ndi timagalasi ndi bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa, ndipo iyeyu sachedwa ngati amiba uja: angathe kusungunula koniya m'masiku awiri kapena atatu, moti amene wadwala Lachisanu n'kudikira Lolemba akhoza kufika ku chipatala diso litawonongeka kale.

Ndisakokomeze. Ziwerengero zimenezi zikusonyezanso kuti ambiri ovala makontakiti sadzadwala zilonda zotere, ndipo pali anthu amene timagalasiti timawathandiza kuposa magalasi a mafelemu, monga amene koniya wawo anasongoka kapena amene maso awo awiri amasiyana mphamvu kwambiri. Sindikunena kuti tiletsedwe. Ndikunena kuti ndi chipangizo cha chipatala chimene chimagona pa mbali yosachedwa kuvulala ya thupi, ndipo chiyenera kugulitsidwa monga chipangizo cha chipatala.

Apa ndi pamene timagalasi tosintha mtundu wa maso timandidetsa nkhawa kuposa tina tonse. Amene amativala kuti maso aoneke obiriwira kapena otuwa pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pojambulitsa, ambiri alibe vuto lililonse la maso, choncho sanakhalepo pa mpando wa woyeza maso, ndipo amatigula mmene amagulira nsidze zomata kapena mawigi. Kagalasi ka mtundu si kosiyana ndi kanzake pa nkhani ya tizilombo, ndipo kakakhala kosayenerana ndi kukula kwa diso kamakanda koniya kapena kumuthina. Dziko la America linaona zimenezi ndipo mu 2005 linakhazikitsa lamulo loti timagalasi tonse, ngakhale tongokongoletsa, ndi zipangizo za chipatala zofuna chikalata cha woyeza maso. Ku Britain nakonso lamulo limafuna kuti tizigulitsidwa moyang'aniridwa ndi katswiri wolembetsedwa. Malamulowa amaswedwa, makamaka pa intaneti, koma amapereka poyambira pogwira wolakwa.

Kwathu kuno timagalasi totere timatsatsidwa pa Facebook, pa Instagram ndi pa WhatsApp, pamodzi ndi zodzoladzola, ndipo zimene zimachititsa ngozi ku London zili pano mochuluka. Ngati thanki ya kudenga ya ku Britain imasunga amiba, nanga thanki ya pa nsanja ya ku Area 47 kapena ku Namiwawa, mgolo wa pakhonde ndi zigubu zimene timasungiramo madzi mipopi ikauma? Nanga amene wapita kukasangalala ku Salima kapena ku Mangochi n'kulowa m'nyanja timagalasi tili m'maso? Botolo la mankhwala otsukira likatha, ndipo lina silikupezeka pafupi kapena ladula, chimene munthu wanzeru zake angaganize ndi madzi owiritsa kapena a m'botolo, ena mpaka malovu, koma zonsezi sizilowa m'malo mwa mankhwalawo. Kusiyana kwakukulu kuli pa chithandizo. Wa ku London akadwala amakwera basi n'kufika pa chipatala chodziwa matendawa tsiku lomwelo, pamene kuno madokotala a maso ndi ochepa ndipo ambiri ali m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba, Mzuzu ndi Nkhoma. Koniya woika m'malo mwa wowonongeka ndi wosowa pa dziko lonse: kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti pa anthu 70 ofuna koniya, wopezeka ndi mmodzi yekha, ndipo mayiko ngati athu ndi amene ali kumapeto kwa mzerewo. Ngozi imene kwina imatha ndi opaleshoni kuno ingathe ndi chipsera choyera cha moyo wonse.

Zimene ndikufuna si zodula. Timagalasi ta mtundu uliwonse tisagulitsidwe kwa munthu amene sanayezedwe maso, ndipo popeza yunivesite ya Mzuzu yakhala ikuphunzitsa akatswiri oyeza maso kwa zaka zoposa khumi, sitinganene kuti oyezawo kulibe m'mizinda mmene timagalasiti timagulidwa. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno, lizitiona timagalasiti ndi mankhwala ake otsukira ngati katundu wa chipatala wofuna chilolezo polowa ndi pogulitsidwa. Wogulitsa aliyense azipereka chenjezo la madzi ndi pakamwa, m'chinenero chimene wogulayo amamva, ndipo azimuonetsa kavalidwe ndi kavulidwe ndi manja osamba ndi sopo n'kupukutidwa mpaka kuuma gwa, chifukwa pa nkhani imeneyi kupukuta n'kofunika mofanana ndi kusambako. Azinenanso kuti mankhwala a m'kabokosi amatayidwa tsiku lililonse, kabokosiko n'kuumitsidwa chozondotsa, ndipo kamasinthidwa pakatha miyezi itatu. Amene sangathe kunena zimenezi agulitse zina.

Pali njira imodzi imene imachotsa mavuto ambiri nthawi imodzi, ndiyo timagalasi tovala tsiku limodzi n'kutaya. Topanda kabokosi, topanda mankhwala otsukira, tilibe malo amene tizilombo tingamangepo mudzi. Kafukufuku wina wa ku Moorfields wofalitsidwa mu 2022 anapeza kuti ovala timagalasi tobwereza ali pa ngozi ya Acanthamoeba yoposa ya ovala ta tsiku limodzi pafupifupi kanayi. Vuto lake ndi mtengo, ndipo ndikudziwa kuti amene wagula bokosi lodula amayesedwa kuvala kagalasi ka tsiku limodzi kwa masiku atatu kuti ndalama zake zigwire ntchito, zimene zimabwezeretsa ngozi yonse ija popanda ngakhale mankhwala otsukira. Pamenepa ndiyenera kunena mawu amene ena sawakonda: walira mvula walira matope, ndipo amene thumba lake silingakwanitse kugula timagalasi tatsopano kapena mankhwala ake mosadukiza, magalasi a mafelemu ndi abwino kwa iye. Wogulitsa woona mtima ayenera kunena zimenezi ngakhale zikumutayitsa kasitomala. Ngakhale wovala makontakiti wokwanitsa zonse ayenera kukhala ndi magalasi a mafelemu pafupi, chifukwa amene alibe chovala china amaumirira kagalasi pa diso lofiira kuti akafike ku ntchito.

Diso lofiira ndiye poopsa penipeni. Mu 2024 m'dziko muno munabuka matenda a maso ofiira amene anayambira ku Karonga n'kufalikira maboma ena, ndipo ambiri tinazolowera kuti diso likafiira limachira lokha pakapita masiku ochepa. Kwa wovala makontakiti maganizo amenewo ndi msampha. Diso likafiira, likamapweteka, likamaopa kuwala, likamaona mwachimbuuzi kapena pakaoneka kadontho koyera pa mbali yakuda, kagalasi kavulidwe nthawi yomweyo ndipo munthuyo aonedwe ndi wa maso tsiku lomwelo. Asagule yekha mankhwala odontheza ku famase, chifukwa ena ali ndi masiteroidi amene amachotsa kufiira n'kumupusitsa kuti akuchira, pamene akufooketsa chitetezo cha diso ndi kupatsa nkhungu ndi amiba mpata wolowerera mkati. Asalimange disolo ndi nsalu, ndipo asathiremo mankhwala a zitsamba. Akafika ku chipatala, mawu oyamba akhale akuti amavala makontakiti, chifukwa amene akumuona, poti sakumana ndi ovala makontakiti kawirikawiri, akhoza osafunsa. Kagalasi kaja ndi kabokosi kake asataye, apite nazo, popeza nthawi zina a mu labotale amapeza kachilomboko m'kabokosimo pamene pa diso penipenipo sikanaoneke.